Mudzi wa Laxton ukauonera kumwamba, minda yake ngati ya kwathu

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano. Ndaponya chithunzi icho, tachiyang'anitsitsani kaye musanandifunse. Ndachitenga pa Google Earth usiku wathawu nditaweruka. Ndi mudzi wa Laxton ku Nottinghamshire kuno, pakati pa Ollerton ndi Tuxford, kuchoka ku Newark komwe ndimakhala ine sipakwana theka la ola pagalimoto. Ndimadutsako pafupipafupi ndikamaperekera katundu koma uli pansi suona chachilendo, nyumba za njerwa zofiira, tchalitchi, mathirakitala, fungo la ndowe, basi. Dzulo ndinasochera ndikusaka famu ina nde nditafika kunyumba ndati ndione pamapu kuti ndinaphonya pati, kungotsegula chithunzi cha kumwambacho ndinangoti kakasi. Minda yozungulira mudziwu ilibe mipanda ya mitengo ija timaiona paliponse ku England. Ndi minda itatu ikuluikulu yoti see, ndipo mkati mwake ndi yodulidwa tizigawo titalititali, tina tobiriwira tina tofiirira, ngati chitenje cha mizeremizere. Mtima unandithawira kwathu ku Dedza nthawi yomweyo.

Mai a Chisomo: Taswera achimwene. Eee zoonadi, ndakulitsa chithunzicho. Koma chandidabwitsa ine ndi nyumbazo, zandandalikana mumsewu ngati mikanda pa ulusi, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kamalo kakatali kopapatiza kotsikira kumbuyo. Nde mafamu ake ali kuti? Kumindako sindikuonako nyumba olo imodzi

Bambo a Tadala: Mwagwira pomwepo chemwali. Mafamuwo ndi nyumba zomwezo za mumsewuzo. Ndi chifukwa chake ndinasochera, ine ndimasaka famu kutchire kunja kwa mudzi pomwe famuyo inali pakati penipeni pa mudzi moyang'anana ndi nyumba zina. Ukalowa pageti ukupeza bwalo, uku nyumba yogona, uku khola la ng'ombe, uku chishedi chachikulu cha njerwa chomwe ankapunthiramo tirigu kale, zonse zazungulira bwalolo. Thirakitala imatuluka pageti kulowa mumsewu wa anthu kupita kumunda mmene ife timatulukira ndi khasu paphewa.

Nangozo (sukulu, Nottingham): Amalume mwandikumbutsa, ife anatitengerako chaka choyamba pa kosi yathu yoyeza malo. Laxton ndi mudzi wokhawo ku England womwe ukulimabe mwa dongosolo lakale la minda yopanda mipanda pamodzi ndi khothi lake la mudzi lomwe likugwirabe ntchito. Minda itatuyo maina ake ndi West Field, Mill Field ndi South Field. Mlimi aliyense ali ndi tizigawo take mmunda uliwonse mwa itatuyo, tomwazikana, kena pamtunda kena kumunsi konyowa, kuti pasapezeke munthu mmodzi wotenga nthaka yabwino yokhayokha wina nkutsala ndi dongo. Kamalo kakuseri kwa nyumba komwe mwaona aunt kaja azungu amakatchula croft, nkomwe ankadzala ndiwo, mitengo ya maapozi, kusunga nkhumba ndi ana a ng'ombe. Kumapeto kwake kumadutsa kanjira ka kumbuyo, mukakulitsa chithunzi mukaona kakuyenda motsatana ndi msewu waukulu.

Che Mbewe ku Joni: Moni nonse. Ine ndimaganiza kuti azungu anabadwa ndi mipanda ndi mapepala a malo. Kani nawonso ankagawana minda chonchi?

Achikulire a ku Leicester: Ana anga mwandidzutsira nkhani yomwe ndimaikonda. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi kwathu zaka zambiri ndisanabwere kuno kutsatira ana, nde za nthaka sizindidutsa. Ku Laxton ndapitako kawiri. Che Mbewe, pakati pa England ponse pano, Leicestershire, Northamptonshire, Warwickshire, Nottinghamshire, midzi yambiri inkalima chonchi kwa zaka mazanamazana. Minda itatu, kasinthasintha wa zaka zitatu. Munda woyamba tirigu wodzala nyengo yozizira isanafike, wachiwiri mbewu zodzala kukayamba kufunda monga barele kapena nyemba, wachitatu kuugoneka chaka chonse kuti upume ziweto zizidyamo ndi kuthiramo manyowa. Chaka chamawa nkusinthana. Ndi tsala lomwe lija makolo athu ankasiya, kungoti iwowa anachita kuliika mmalamulo a mudzi, munthu sungadzuke wekha nkuti ine chaka chino ndidzala zanga mmunda wogonekedwa, ayi, mudzi wonse umayendera limodzi. Ku Laxton mpaka lero munda wa tirigu ndi wa tirigu kwa aliyense.

Mphwanga wa ku Mitundu: Agogo ine ndikuwerenga ndili kuno kumudzi, network ikuvuta koma chithunzi chatseguka. Ndifunse, nanga malire amawadziwa bwanji popanda mpanda kapena mtengo? Kuno chaka chatha tinakhala pabwalo kwa amfumu masiku awiri nkhani ya mizere itatu yokha yomwe aneba anadya mmunda mwa mayi anga. Itatu yokha koma anthu anatsala pang'ono kugwirana zikwanje

Achikulire a ku Leicester: Mwana wanga funso lako ndi lomwe linandikokera ine kumeneko. Malire ake ndi zikhomo za mitengo zokhomedwa pansi kumapeto kwa zigawo. Chaka chilichonse kumapeto kwa November anthu 12 a mmudzimo ndi mtsogoleri wawo amakwera ngolo ya thirakitala ndi zikhomo ndi nyundo kupita mmunda umene wangodzalidwa tirigu, amauyenda wonse, kuona amene walima mopyola malire, amene wadya njira ya udzu, amene sanakonze ngalande yake. Pomwe chikhomo chazuka amakhoma china. Akabwerako amakadyera limodzi nkulemba milandu yonse. Sabata yotsatira, kumayambiriro kwa December, khothi limakhala, amalitchula Court Leet, ndipo limakhalira mu pub ya mudziwo yotchedwa Dovecote Inn. Wolakwa amamulipiritsa chindapusa. Ndalama zake ndi zochepa, mapaundi owerengeka, koma chowawa ndi kutchulidwa dzina pamaso pa anzako omwe mawa mukumana nawo kumunda. Ukuona mwana wanga, ndi bwalo la amfumu lomwelo. Kusiyana kwake nkwakuti iwowa sadikira kuti mkangano ubuke, amayendera malire chaka ndi chaka mlandu usanakule.

Mphwanga wa ku Mitundu: Apo nde mwandipatsa nzeru agogo. Zoyendera malire mvula isanagwe tikanamachita kuno bwenzi milandu yambiri kulibe

Nangozo (sukulu, Nottingham): Ndiwonjezere pang'ono pa zomwe agogo anena. Khothi limenelo si sewero la alendo ayi, lili ndi mphamvu mmalamulo. Mu 1977 nyumba ya malamulo inachotsa mphamvu zoweruza za makhothi akale a mmidzi ngati amenewa koma la ku Laxton analisiya dala kuti lipitirire. Amasankhanso munthu wogwira ziweto zosokera, ndipo kakhola kotsekeramo ziwetozo kakadalipo mmudzimo, mwini wake ankachita kulipira kuti awombole nkhosa yake.

Mai a Chisomo: Ngati mbuzi ikadya chimanga cha eni kwathu kuja, kuimangirira kwa amfumu mpaka mwini abwere ndi kangachepe

Nabanda: Ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Ine ndilankhulepo za nyumbazo chifukwa inu mukuzionera kumwamba ine ndimalowamo mkati. Si ku Laxton kwenikweni koma midzi ya chigawo chomwecho, ndimayendera agogo okalamba mmakomo mwawo kuwasambitsa ndi kuwapatsa mankhwala. Abale nyumba zimenezi pachithunzi nzokongola, denga la matailosi ofiira okhotakhota aja, maluwa pakhoma, koma mkati mumazizira koopsa. Kuli agogo ena aamuna omwe ndinkawayendera chaka chatha, anabadwira mnyumba yomweyo ya pafamu, bambo awonso chimodzimodzi. Zitseko zake nzazifupi, ndinagunda mutu pamtanda wa denga tsiku loyamba mpaka chotupa. Pansi pa kukhitchini ndi matailosi akale a dongo okumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu, ukamakankha njinga ya olumala imachita kutsetsereka yokha kupita pomwe panakumbikapo. Masitepe opita kuchipinda ndi opapatiza okhota ngati a nkhokwe, agogowo sakanathanso kukwera nde bedi tinawaikira pabalaza pafupi ndi moto. Mawindo agalasi limodzi, mmawa wa January madzi ali chuchuchu mkati. Ndinawafunsa kuti bwanji osaika mawindo atsopano apulasitiki aja, amvekere nyumbayi ndi yotetezedwa ndi boma sungasinthe olo windo popanda chilolezo cha khonsolo. Koma ukawauza zosamukira kunyumba yosamalirako okalamba ankakana kwamtuwagalu. Ankakhala pawindo kuloza munda uliwonse ndi dzina lake, uwu ndi wakuti, uwo bambo anga anaugula nkhondo itatha. Anamwalirira momwemo mwezi wa March. Mpaka lero ndikadutsa pamsewu umenewo ndimachepetsa liwiro kuyang'ana windo lija.

Mai a Chisomo: Pepani chemwali, ntchito yathuyi imatilowetsa mmitima ya anthu. Mzimu wawo uuse mumtendere

Bambo a Tadala: Pepani a Nabanda. Zoteteza nyumbazo nzoona, amati listed building. Pali magulu atatu, Grade I, Grade II yokhala ndi kanyenyezi, ndi Grade II wamba komwe kuli zambiri, zoposa 90 pa 100 zilizonse. Pafupifupi nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700 yomwe sinasinthidwe kwambiri ili pamndandanda umenewo, ndipo kuigwetsa kapena kuisintha popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhothi. Mndandandawo amasunga ndi a Historic England, bungwe la boma losamalira malo akale, uli pa intaneti, ukhoza kulemba dzina la mudzi nkuona nyumba iliyonse ndi zaka zake. Ndinayesa usiku womwewo, za ku Laxton zambiri ndi mafamu a njerwa a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, pamodzi ndi mashedi ndi makola a nkhunda. Koma malo omwe zakhalapowo ndi akale kuposa nyumbazo, amangogwetsa ya matope ndi mitengo nkumanga ya njerwa pamalo pomwepo, nde mzere wa mudzi sunasunthe.

Che Mbewe ku Joni: Makola a nkhunda a njerwa? Azungu amadyanso nkhunda?

Achikulire a ku Leicester: Ankadya kwambiri Che Mbewe, makamaka maunda, komanso zitosi zake anali manyowa amphamvu. Dzina la pub ija Dovecote tanthauzo lake ndi khola la nkhunda lomwelo.

Nangozo (sukulu, Nottingham): Amalume Bambo a Tadala, tayang'anani kumpoto kwa tchalitchi pachithunzi chanucho, muona chinthu chozungulira ngati chulu chachikulu chomera udzu, chokhala ndi ngalande mozungulira ndi mabwalo awiri pambali. Chimenecho chinali linga la nkhondo wa anthu a ku Normandy omwe analanda England mu 1066, ankaunjika dothi nkumanga nsanja pamwamba. Mabanja omwe ankakhala pamenepo, a de Caux kenako a de Everingham, ndi omwe ankayang'anira nkhalango ya Sherwood. Lero palibe khoma olo limodzi, ukakhala pansi umangoona ngati kaphiri ka ng'ombe, koma kumwamba mapulani ake onse amaoneka bwinobwino. Mudziwu unalembedwa kale mu kaundula wa mfumu wa malo a mu England wotchedwa Domesday wa 1086. Chomwe chinandisangalatsa ine kwambiri ndi mapu a 1635. Mwini mudzi nthawi imeneyo anali Sir William Courten, wamalonda wa ku London, nde analemba ntchito munthu woyeza malo dzina lake Mark Pierce kuti ajambule chilichonse. Anajambula kachigawo kalikonse ndi nambala yake, tizigawo toposa 2,000, ndi buku lonena kuti aka nka ndani, mpaka tizithunzi ta anthu akulima ndi ng'ombe, akufesa, akukolola. Munthu analibe ndege analibe drone, anangoyenda ndi tcheni choyezera koma anajambula ngati ali mmwamba. Mapuwo ali ku Bodleian Library ku Oxford. Aphunzitsi anatiika mapuwo pambali pa chithunzi cha satellite, misewu yomweyo, malo a nyumba omwewo, makona a minda omwewo. Tizigawo tokha ndi tomwe anatiphatikiza kuti tikule, pano tatsala 160 ndi kena.

Bambo a Tadala: Ndachiona chulucho mphwanga! Ndadutsa pafupi kangapo osadziwa. Iwe sukulu ikukupindulira ndithu

Mphwanga wa ku Mitundu: Koma ine pali chomwe sichikundikhalira bwino. Ngati dongosololi linali labwino chonchi bwanji midzi ina yonse inalisiya? Mwina a ku Laxton angotsalira, kapena boma likuwasunga ngati chionetsero basi. Ife kuno alangizi amatiuza kuti minda ing'onoing'ono yomwazikana ndi yomwe ikutisaukitsa, thirakitala singabwere pa theka la ekala

Achikulire a ku Leicester: Usaope kufunsa choncho mwana wanga, mbali ina ukunena zoona. Kulima tizigawo tomwazikana kumadya nthawi, udzu wa mnzako waulesi umalowa mmunda mwako, ng'ombe za mudzi wonse zikamadyera pamodzi matenda safuna kuitanidwa, ndipo wofuna kuyesa mbewu yatsopano amamangika ndi anzake. Eni malo akuluakulu ananena zomwezo ndipo zokolola zinakweradi atamanga mipanda. Koma funsa kuti anapindula ndani. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa malamulo oposa 5,000 otsekera minda, mudzi ndi mudzi, ambiri pakati pa 1750 ndi 1850, maekala pafupifupi 7 miliyoni. Ankabwera anthu oyeza, kuphatikiza tizigawo tonse nkugawanso mabuloko, aliyense adzale mpanda wa minga kuzungulira gawo lake ndi ndalama zake. Wolemera anapeza famu yaikulu pamalo amodzi nkukamanga nyumba yatsopano pakati pa minda yake, ndi chifukwa chake kwina konse mumaona famu ili yokhayokha kutchire. Wosauka yemwe ankadalira kudyetsa ng'ombe yake imodzi pa dambo la mudzi, kutola nkhuni, kukunkha tirigu wotsalira, anapatsidwa kamalo kosakwanira olo kulipira mpanda, nkugulitsa, nkusanduka waganyu kapena kupita kumafakitale ku Nottingham ndi Manchester. Nde mipanda yokongola yobiriwira imene timaijambula tikamatera pa ndege ija, ine ndikaiona ndimaonanso anthu omwe anatsekeredwa kunja.

Che Mbewe ku Joni: Akulu apa mwandikhudza. Ine kwathu ndi ku Thyolo. Tsegulani Google Earth yomweyo muyang'ane kwathu, muona tiyi wobiriwira wosalala ngati kapeti maekala ndi maekala, nyumba ya bwana pakati mitengo itazungulira, kenako mzere wowongoka ngati wodula ndi lumo, kuseri kwake ife tathithikana tinyumba ndi timinda pamapiri. Agogo anga ankanena za thangata misozi ili mmaso. Kani anayamba kuchitira abale awo omwe asanabwere kwathu

Achikulire a ku Leicester: Ndi zomwe ndinaganiza nditaima pa Mill Field tsiku loyamba, Che Mbewe. Pomwe Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda kwathu, ankapereka zikalata za malo kwa azungu kumapiri a Shire m'ma 1890, kwawo kuno nkuti ntchito yotsekera minda itatha kale, maganizo akuti malo ndi a munthu mmodzi wokhala ndi pepala anali atakhazikika. Nkhani ziwirizi sizofanana ndendende, kwathu kunali utsamunda ndi tsankho la khungu pamwamba pake, koma muzu wake ndi umodzi.

Mai a Chisomo: Nde Laxton inapulumuka bwanji pamenepo?

Nangozo (sukulu, Nottingham): Aunt, mbali zina za mudziwo zinatsekedwa ndithu, mukaona mmphepete mwa chithunzi muli minda ya mipanda, ndipo kunali munda wachinayi womwe unatha. Koma eni malo akuluakulu a nthawi imeneyo sanamvane za kagawidwe nde zinkangochedwa. Pofika nthawi yomwe banja la Earl Manvers la ku Thoresby linali ndi pafupifupi mudzi wonse, ulimi unali utalowa pansi kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndalama zomangira mafamu atsopano panalibe. Kenako anthu anazindikira kuti watsala wokha. Mu 1952 unduna wa zaulimi unagula mudziwo kuti usungike, mu 1981 unapita kwa Crown Estate, bungwe loyang'anira malo a ufumu, ndipo mu 2020 a Crown Estate anaugulitsa kwa a Thoresby omwe aja, atalonjeza kuti dongosolo la mindayo lipitirira. Ku Devon kuli munda wina wa tizigawo wotchedwa Braunton Great Field koma ulibe khothi ngati la ku Laxton.

Mphwanga wa ku Mitundu: Dikirani kaye, kugulitsa mudzi wonse? Ndi anthu ake omwe? Nde alimiwo minda si yawo?

Bambo a Tadala: Si yawo mphwanga, amachita lendi, nyumba ndi minda yomwe. Ndi matenanti, koma osaganiza za matenanti a fodya a ku Kasungu aja opatsidwa chimanga pangongole. Awa ali ndi mapangano olembedwa, ena banja lomwelo lakhala pafamu imodzi mibadwo ingapo. Komabe mafamu ake ndi aang'ono poyerekeza ndi ena a kuno, nde ambiri amagwiranso ntchito zina kuti zikwane. Bambo amene ndinawaperekera katundu dzulo anali ndi ovolosi yothimbirira mafuta, manja ngati a alimi a kwathu, akukonza okha thirakitala yakale pabwalo. Chionetsero sichikhala ndi manja otero.

Nabanda: Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi ana. Mmidzi yomwe ndimayendamo achinyamata kulibe, nyumba zakwera mtengo, shedi yopunthira tirigu aikonza kukhala nyumba ya munthu wogwira ntchito mtauni, pabwalo pomwe panali ng'ombe pali magalimoto awiri onyezimira. Kumwamba denga ndi lomwelo koma mkati mulibenso mlimi. Sitolo inatsekedwa, basi imabwera mwa apo ndi apo. Agogo akadwala wowayendera ndi ife ochokera ku Malawi, Zimbabwe, Nigeria. Ku Laxton dongosolo lija limafuna anthu okhala pompo oti akwane 12 oyendera malire, anthu odziwa kuti chikhomo ichi chinali apa. Akatha amenewo mapu okha sangalime.

Achikulire a ku Leicester: Mwanena mawu aakulu mayi.

Mai a Chisomo: Ine ndibwerere pachithunzi, pepani. Mkati mwa minda ikuluikuluyo ndikuona timizere tobiriwira tokhotakhota ngati mitsinje, koma si madzi. Nchiyani?

Achikulire a ku Leicester: Amenewo ndi madambo awo, amawatchula sykes. Ndi malo otsika onyowa omwe sanalimidwepo, amathandiza kutsitsa madzi komanso ndi njira zofikira kuzigawo. Saloledwa kuthirapo feteleza kapena mankhwala, nde pamamera maluwa ndi udzu wamtundumtundu womwe kwina unatha kalekale, boma linawaika mgulu la malo otetezedwa chifukwa cha zomerazo. Udzu wake amaugulitsa pa okushoni kwa alimi a mmudzimo chaka chilichonse nyengo yotentha, wopambana amamweta nkusungira ziweto. Ndinapitako mwezi wa May ulendo wachiwiri, timaluwa tachikasu tili mbwee, mbalame zikuimba mmwamba osazionako, mphepo ikuwomba popanda chotchinga. Ndinakhala pansi paudzu ndithu, mdzukulu wanga amvekere agogo mwatopa, ine ayi, ndakumbuka dambo la kwathu ku Ntchisi tisanalilime.

Nangozo (sukulu, Nottingham): Agogo popeza muli ku Leicester, kwanuko nde kuli chinthu china chokoma kuonera kumwamba. Minda yambiri ya msipu kumeneko ili ndi mizere ikuluikulu pansi pa udzu, ngati malata a denga, azungu amati ridge and furrow. Ndi zipsera za tizigawo takale tomwe tija. Pulawo yawo inkagwetsera dothi mbali imodzi yokha, nde akamazungulira kachigawo chaka ndi chaka dothi linkaunjikana pakati mpaka kutukuka, mmbali nkukhala ngalande. Mukayang'anitsitsa mizereyo siyowongoka, imakhota kumapeto ngati S wotembenuzidwa, chifukwa ng'ombe zinkakhala zambiri pagoli, mpaka 8, nde zinkayamba kukhota zisanafike kumapeto kuti zithe kutembenuka. Atatseka minda nkuisandutsa msipu wa nkhosa palibe anadzalimanso nde mizere inauma momwemo. Pomwe mpanda wa 1700 ndi chakuti wadutsa, mizere imangopitirira pansi pake kutulukira mbali inayo. Imaoneka bwino dzuwa likapendeka kapena kukagwa chipale chochepa.

Achikulire a ku Leicester: Ndimaiona mwana wanga ndikakwera sitima yopita ku Market Harborough, mbali zonse ziwiri. Ulendo woyamba ndinadabwa kuti azungu akulima mizere ya mbatata yaikulu chonchi bwanji. Komatu mizere ya kwathu ija nayonso ili ndi mbiri yake, makolo ambiri ankalima matutu, mizere yopingasa inachita kukakamizidwa ndi boma la atsamunda m'ma 1940 ndi 1950 pa malamulo a malimidwe, anthu ankamangidwa chifukwa chokana. Lero tikuiona ngati ndi ya makolo. Ndinkaphunzitsa anthu kuika mizere ndi chingwe zaka zonsezo, mbiri yake ndinadzaimva bwino nditakula.

Che Mbewe ku Joni: Nangozo, zithunzi zakale za kumwambazo munthu angazione kuti? Ndikufuna ndiwaonetse ana anga kuno

Nangozo (sukulu, Nottingham): Sakani Aerial Photo Explorer ya Historic England amalume, ndi yaulere, ili ndi zithunzi zoposa 400,000, zina zojambulidwa ndi ndege za asilikali m'ma 1940. Palinso Britain from Above ya zithunzi za kampani ya Aerofilms kuyambira 1919. Ndipo pa webusaiti ya National Library of Scotland mukhoza kuika mapu akale mbali imodzi satellite mbali inayo nkumasuntha pamodzi. Mukafuna kuona mudzi womwe unafa sakani Wharram Percy ku Yorkshire, anthu anachotsedwamo cha m'ma 1500 kuti mwini malo aweteko nkhosa, chatsala ndi tchalitchi chopanda denga, koma kumwamba maziko a nyumba ndi timabwalo take zimaoneka mu udzu, mzere wake wofanana ndi wa ku Laxton.

Mai a Chisomo: Abale ine ndagwidwa nayo nkhaniyi. Zaka 9 ndili ku Nottingham, ntchito, tchalitchi, kumsika, kunyumba, osadziwa kuti pafupi pompa pali zoterezi. Bwanji tipiteko ndi ana tchuthi chikubwerachi? Chisomo amangodziwa kuti chakudya chimachokera mu shopu

Bambo a Tadala: Tiyeni chemwali, ine galimoto yanga imakwana anthu 7. Koma polemba pa foni muonetsetse kuti ndi Laxton ya ku Nottinghamshire, chifukwa kuli ina ku Northamptonshire ndi ina ku Yorkshire. Galimoto timaimika pa Dovecote Inn, pambali pake pali kanyumba ka alendo kofotokoza mbiri yonse ndi mapu, kuchoka apo wapansi kupita kuchulu chija kenako kuminda.

Nabanda: Muvale majombo, dothi la kumeneko ndi dongo lofiira lomata, ikagwa mvula nsapato imatsalira mmatope. Ndipo ana muwauziretu, tiyende mnjira zokhala ndi chikwangwani cha muvi zokha, osalowa mu tirigu wa eni kukajambulitsa, geti ukalipeza lotseka ulitsekenso. Mabwalo a mafamu aja ndi makomo a anthu, tisamasuzumire. Ine Loweruka loyamba la tchuthi ndili off, mundiwerengere.

Che Mbewe ku Joni: Wina atenge drone atijambulire ife akutali

Nangozo (sukulu, Nottingham): Mnzanga ali nayo yolembetsa koma tikapemphe kaye kwa eni minda, ziweto zimadzidzimuka nayo, komanso lamulo la kuno silola kupyola mamita 120. Zikakanika tidzakujambulirani tili pamwamba pa chulu, pamaoneka patali ndithu.

Achikulire a ku Leicester: Ine mundisungire mpando wakutsogolo, mawondo sakulolanso kukhala kumbuyo. Ndikwera sitima mpaka ku Newark, Bambo a Tadala mudzanditengere pasiteshoni. Ndidzabwera ndi chithunzi cha mapu a 1635 aja chomwe ndinagula ulendo woyamba kuti ana akafanizire okha ndi zomwe akuona.

Mphwanga wa ku Mitundu: Mukafika mundijambulire chikhomo chimodzi pafupi, ndione kukula kwake ndi mmene amachikhomera. Ndikufuna ndikawaonetse amfumu tisanayambe kugalauza mwezi wa October

Bambo a Tadala: Ndikujambulira mphwanga, ndiikapo ndi dzanja langa pambali kuti uone msinkhu wake. Amene mukupita lembani maina apa pofika Lachitatu tidziwe ngati pakufunika galimoto yachiwiri.